Timadontho Toyera pa Galasi la Kompyuta

Ofesi yathu inali chipinda chimodzi kuseri kwa msika wa paboma ku Nkhotakota. Inali ya bungwe la alimi a mpunga, limodzi mwa mabungwe ambiri amene anabadwa matipate atangobwera. Zaka zimenezo aliyense anali ndi kalata yoti alembe. Anthu amene kale ankaopa ngakhale kutsokomola pafupi ndi ofesi ya boma tsopano ankafuna kudandaula za mlatho, za mbewu, za msewu wokumbika, ndipo ankafuna madandaulowo atayipidwe bwino. Ine ndinali kalaliki. Wotayipa anali Amalume.

Sanali malume anga enieni. Mayi anga ankawatcha achimwene chifukwa anakulira mudzi umodzi kwa Malenga Chanzi, ine nkutengera pomwepo, mpaka paboma ponse anayamba kuwatchula choncho. Anatayipa m'maofesi a boma zaka zambiri asanapume ndi kubwera kwa ife. Kalata yanga yoyamba yofunsira ntchito, nditamaliza Fomu 4, ananditayipira ndi iwo, atandibweza kawiri kuti ndikakonze chiganizo chimodzi.

Anali ndi kachitidwe kawokawo. Munthu akabwera ndi kalata yolemba pamanja, sankailandira. Ankamuuza kuti akhale pa benchi awerenge yekha mokweza, iwo nkumatayipa maso ali kudenga. Ankati kalata imene mwini wake sangathe kuinena ndi pakamwa siyenera kutumizidwa. Anthu ankazikonda zimenezi, makamaka osadziwa kulemba, chifukwa pa benchi paja wophunzira ndi wosaphunzira ankachita zofanana. Pepala likatuluka ankandipatsira ine kuti ndione zolakwika. Kawirikawiri sindinkapezamo kanthu.

Kompyuta inabwera mochedwerapo, boma latsopano litalowa kale chigawo chachiwiri cha ulamuliro wake. Inali yakale, tinapatsidwa ndi bungwe lina la ku Lilongwe, ndipo inkayendera pulogalamu yotchedwa Linux. Anatiuza kuti imeneyi imapirira makina okalamba. Ine ananditumiza kukaphunzira sabata imodzi, nditabwerako ndinaphunzitsa Amalume. Kiyibodi anaizolowera tsiku lomwelo. Mausi ndi imene inawavuta. Ankati ndi kachinthu kopanda ulemu, ukakafuna kamathawa. Koma patapita miyezi iwiri ankayatsa okha, kutsegula tsamba, kusunga ndi kusindikiza osandiitana.

Ndi nthawi imeneyo pamene pa galasi la kompyuta panayamba kuoneka timadontho toyera ta tipekisi, utoto uja tinkafufutira zolakwika pa pepala. Tinali tisanu ndi tiwiri, tating'ono ngati njere za mpunga, tina m'mphepete, tina cha pamwamba. Wina anationa, nkhani nkufika kumsika kuti Amalume akalakwitsa amafufuta pa galasi. Ogulitsa nsomba ankawafunsa akamadutsa ngati botolo la tipekisi likadali ndi kanthu. Iwo ankangoseka, nkuyankha kuti kompyuta nayonso imafuna kudzola. Ine sindinkaseka. Zinkandipweteka kuti munthu amene anaphunzitsa makalaliki ambiri a paboma azisekedwa ndi anthu oti sanakhudzepo taipi. Koma sindinawafunse. Kwathu wamkulu safunsidwa chifukwa chimene wachitira chinthu.

Mu komiti munali ena ofuna kuti Amalume achoke. Ankati nthawi ya makina a taipi inapita ndi chipani chimodzi, ndipo ana a masatifiketi a kompyuta akungokhala m'makomo. Amene ankawatchinjiriza anali amayi apampando, mlimi wa ku Chia wosapsatira mawu. Anandiuza poyera kuti adzawaimira malinga makalata akutuluka, koma tsiku limene kompyuta idzawakanike, iwo sadzakhalanso ndi choyankha. Ine ndinkadziwa chimene ofesi ija inali kwa Amalume. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali, wina ku Dwangwa wina ku Joni. Akatseka chitseko cha nyumba m'mawa, malo amene anthu ankawadikira anali awiri okha: kumzikiti ndi pa mpando wawo wa mu ofesi.

Mpunga utayamba kucha, minibasi inatibweretsera envulopu. Munali masidi atatu ndi kakalata kochokera kwa amene anatipatsa makina aja. Anati Linux yatsopano yatuluka, tiike, ndi yabwino kuposa yakale, ndipo iwo adzabwera kudzaona mwezi wotsatira. Ndinasankha Loweruka, Amalume kulibe. Ndinakopera makalata onse m'madisiketi, ndinaonanso kachiwiri, kenako ndinayamba. Ntchitoyo inadya tsiku lonse chifukwa magetsi anazima pakati ndipo ndinachita kuyambiranso. Podikira ndinapukuta fumbi, ndinasesa nkhungu zakufa zimene mphepo ya kunyanja inaunjika kuseri kwa makina. Nditafika pa galasi ndinaganiza za alendo a ku Lilongwe, mmene adzayang'anirane akadzaona tipekisi. Ndinatenga lezala. Ndinapala timadontho tonse mosamala, kamodzikamodzi, ndi kupukuta ndi kansalu konyowa mpaka galasi linawala. Ndinapita kunyumba ndili wokhutira kuti ndawachotsera manyazi.

Lolemba Amalume anavundukula makina, anayatsa, nayang'ana pa galasi. Yatsopanoyo inali yokongola ndithu. Kumbuyo kunali kotuwa ngati mitambo m'malo mwa buluu wakuda wakale. Kamzere ka zinthu kamene kankakhala pansi kanasamukira pamwamba. Tizithunzi todinapo tinali tachilendo, tili malo ena. Ndinawafotokozera zonsezi monyada. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nafunsa funso limodzi lokha, ngati ndinatsuka galasi. Ndinati eya. Anati laoneka bwino.

Tsiku limenelo sanatulutse kalata ngakhale imodzi. Anthu atatu amene anali pa benchi ndinawatayipira ndine, ndi zala zanga ziwiri.

Ndinayamba kusaka mavuto monga anatiphunzitsira, limodzilimodzi, ndikulemba m'kope. Loyamba ndinalipeza msanga. Mu yakale chinthu chinkatseguka ukadina kamodzi, pamene yatsopano inkafuna kawiri mofulumira. Chala cha Amalume chinali cha taipi, chomenya kamodzi mwamphamvu nkudikira. Ndinafufuza m'malo osinthira zinthu mpaka ndinapeza pobwezera kudina kamodzi. Mawa lake ndinaona kuti zizindikiro zina zikutuluka zosiyana ndi zolembedwa pa mabatani. Makina ankayesa kiyibodi yathu ya ku Amereka pamene inali ya ku Mangalande. Ndinakonza. Pulinta inali duu. Ndinauzanso makina mtundu wake, inatsokomola nkuyamba kuyenda. Zilembo zinali zitachepa ngati nyerere, ndinazikulitsa. Chilichonse ndikakonza ndinkawauza, iwo nkuthokoza, "Zikomo akalaliki," monga ankanditchulira akafuna kundinyadira ndi kundiseka nthawi imodzi. Kenako ankagwira mausi, kuigwedeza, kudina penapake, nkutseguka chinthu china chosafunika.

Lachitatu kunabwera bambo wina wa ku Benga ndi dandaulo la mvuu zimene zinkamudyera mpunga. Tsamba ndinawatsegulira ndine. Bamboyo anawerenga kalata yaitali, Amalume anatayipa osapuma, osalakwitsa. Atamaliza anagwira mausi kuti asunge, anadina, kalata yonse nkuzimiririka. Galasi linatsala lotuwa, lopanda kanthu. Bambo uja anafunsa ngati mvuu zafikanso mu ofesi muno. Ndinafufuza kwa mphindi zingapo ndisanazindikire chimene chachitika. Yatsopanoyo inali ndi timabokosi tinayi pakona, kalikonse kokutengera ku malo ena ogwirira ntchito, ngati tebulo lina lopanda kanthu, ndipo Amalume anali atadina kabokosi kachiwiri. Kalata inali bwinobwino pa tebulo loyamba. Ndinaibweza, ndinasindikiza, bamboyo anapita akuseka. Koma anali mlamu wa mmodzi wa a mu komiti.

Lachinayi m'mawa amayi apampando anatsika pa matola, anandiitanira panja pansi pa mtengo wa mango. Sanakalipe. Anati komiti ikhala Lolemba, ndipo isanayambe iwo adzawerenga kalata yoitanira alimi ku msonkhano waukulu, a komiti ali pa benchi. Amalume adzatayipe okha, asunge okha, atulutse okha. Zikadzatheka nkhani yatha, zikadzakanika sadzatha kuwaimiranso. Kenako anandiyang'ana nkufunsa kuti mkuluyu ndamuchita chiyani. Ndinati ndi makina atsopano. Anati iwo makina sawadziwa, koma munthu amene amatayipa bwino Lachisanu sangaiwale zonse pofika Lolemba.

Amalume anamva zonse, chifukwa zenera linali lotsegula. Nditalowa ndinawapeza akuika kapu yawo ya tiyi ndi kamkeka kawo kopempherera mu jumbo. Anati ndi bwino alembe okha kalata yotsanzika kusiyana nkuti achite kuuzidwa pamaso pa anthu. Ndinawapempha kuti adikire Lolemba. Anabweza kapu pa shelefu, koma jumbo anaisiya pafupi.

Masana a tsiku lomwelo ndinapita ku positi. Pobwera ndinapeza chitseko chili chotsegula pang'ono, ndipo ndisanalowe ndinawaona. Nkhope yawo inali pafupi kwambiri ndi galasi, mphuno kutsala pang'ono kukhudza. Chala cha kumanzere chinkayenda pa galasipo pang'onopang'ono, ngati cha mayi wosankha timiyala mu mpunga pa lichero. Chinaima pamalo pena pamene panalibe kanthu. Anagwedeza mausi mpaka kamuvi kake ka pa galasi kanafika pansi pa chalacho, nadina. Palibe chinachitika. Chala chinayambanso ulendo.

Ndinaima panjapo makalata ali m'manja. Ndinakumbukira anthu akuwerenga mokweza pa benchi, maso a Amalume ali kudenga, mapepala amene ankandipatsira kuti ndione. Ndinakumbukira kuti masiku amenewo sankayamba kupereka moni, ankadikira munthu alankhule kaye ndiye nkumutchula dzina. Anali ndi ng'ala. Tizithunzi ta pa galasi sankatisiyanitsa. Chimene ankaona chinali choyera pa chakuda, ndipo pamene maso akanika chala chinkamva kanthu kotukuka. Timadontho tija ndi timene ankayendera, ine nkutipala ndi lezala.

Ndinabwerera mpaka pa mtengo wa mango, ndinadikira pang'ono, ndinabweranso ndikukhwekhwereza nsapato ndi kutsokomola. Ndinawapeza atakhala mowongoka, manja ali pa kiyibodi.

Ndinaganiza zobwezeramo Linux yakale, koma sidi yake inali itabwerera kale ku Lilongwe. Komanso alendo aja akanadzaikamonso yatsopano, vuto nkuyambiranso anthu akuona. Lachisanu masana Amalume atapita kumzikiti ku swala ya Juma, ndinazimitsa makina, ndinatembenuzira galasi kuchitseko kumene kunali kuwala, ndinaliuzira mpweya wa m'kamwa. Pa chinyezi paja panaoneka timikwingwirima ta lezala yanga. Ndinauziranso mbali ina. Ndinatipeza tonse tisanu ndi tiwiri, ndipo pa kalikonse ndinamatapo kachidutswa ka pepala la m'mphepete mwa masitampa. Malo ndinawapeza, koma sindinkakumbukira kuti pansi pa kadontho kalikonse panali chiyani. Wodziwa anali mmodzi yekha, ndipo kumufunsa kunali kumuuza kuti ndadziwa.

Atabwera ndinadikira kuti akhale pansi.

"Amalume, ndinalima malire a munda wanu. Zikhomo ndazipeza, koma sindikudziwa kuti ndime iti ndi ya chiyani. Mundithandize."

Anavula kofiya yawo, anaiyang'ana mkati, anaivalanso. Kenako anatambasula dzanja, chala chinakhudza galasi, chinapeza kapepala koyamba.

"Apa tsamba latsopano," anatero. Chala chinatsika. "Apa makalata akale. Apa a komiti."

Anatchula tonse osakayika. Ine ndinayatsa makina ndi kuyamba kukokera kachithunzi kalikonse pansi pa kapepala kake. Kamzere ka pamwamba ndinakabwezera pansi. Kumbuyo kotuwa kuja ndinasintha kukhala buluu wakuda. Timabokosi tinayi ndinatichotsa, kamuvi ndinakakulitsa. Iwo anakhala pambali panga, nthawi zina nkunena kuti kwezani pang'ono, ngakhale sindikudziwa kuti ankaona zingati.

Tiwiri tinandikanika, ka kusunga ndi ka kusindikiza. Timeneti tinali mkati mwa pulogalamu yolembera, ndipo yatsopanoyo sinkalola kutisuntha, kapena ine sindinadziwe posunthira. Ndinayesa kwa nthawi yaitali. Mwina ndi chifukwa choti ndinali nditatopa ndi mausi, ndinakumbukira chinthu chimene anatiuza pa maphunziro aja, chimene ine sindinachisamale chifukwa ndinali ndi maso. Ndinawauza kuti aike chala chaching'ono pa batani la pakona ya kumanzere pansi, asachotse, amenye S. Kalata inasungika. Ndinati achitenso chimodzimodzi, koma amenye P, kenako batani lalikulu la kumanja. Pulinta inadzuka nkuyamba kukoka pepala.

Anamvetsera mpaka pepala linagwera m'thireyi.

"Ndiye zimenezi zinalipo kuyambira kale?"

"Zinalipo."

"Nanga bwanji simunandiuze, akalaliki?"

"Simunandiuze nanunso, Amalume."

Anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo. Atasiya anandiuza, kamodzi kokhako pa moyo wawo wonse, kuti diso la kumanzere linachita chifunga zaka zitatu zapitazo, ndipo la kumanja likutsatira. Anati ankalola kuti anthu a kumsika aziwayesa wopusa, chifukwa wotayipa wopusa anthu amamuseka nkumupatsabe kalata, koma wosaona amamumvera chisoni nkupita kwina. Ndinawayankha kuti ine maso ndili nawo awiri abwino, ndakhala ndikusaka zolakwika m'mapepala awo zaka zonsezi, ndipo sindizipeza.

Anapisa dzanja m'thumba la mkanjo natulutsa botolo la tipekisi. Anali akuyenda nalo sabata yonse, osafuna kudontheza pamalo olakwika. Analikhutchumula, analitsegula, nandipatsa kaburashi.

"Munapala ndinu," anatero.

Ndinamatula timapepala kamodzikamodzi ndi kudontheza. Tinangofunika tisanu tsopano. Kachitatu kanatuluka kokhota ndi kotalika ngati mpunga wa kilombero. Tinadikira kuti tiume tisanakhudze.

Loweruka tinabwera tonse awiri. Ine ndinakhala pa benchi ndikuwerenga nkhani za mu nyuzipepala yakale, iwo akutsegula, kutayipa, kusunga, kutulutsa, kutseka, kuyambiranso. Tinatero mpaka nthawi ya swala ya masana. Ndinawaonetsanso mabatani ena awiri. Anati awiriwo asunge kaye, asadye zonse tsiku limodzi.

Lolemba amayi apampando anabwera ndi amuna atatu a mu komiti. Anadzaza benchi. Ine ndinaima pakhomo, kutali ndi makina, kuti wina asadzanene kanthu. Amalume anavundukula, anayatsa, chala cha kumanzere chinakhudza galasi mopepuka ngati akuchotsa fumbi, nadina. Tsamba linatseguka. Amayi anayamba kuwerenga, ndipo ankafulumira dala. Zala zinawatsatira mpaka pa mzere womaliza. Kenako, osagwira mausi, anamenya mabatani awo aja, pulinta nkuyankha.

Amayi anawerenga pepalalo, nalipereka kwa bambo amene ankalimbikira kwambiri kuti Amalume achoke. Iye analiwerenga nthawi yaitali, chala chili pa mzere uliwonse. Analitembenuza kuseri, kumene kunalibe kanthu. Posapeza cholakwika analoza galasi nati tipekisi wabwereranso. Amalume anayankha kuti akalaliki anaisambitsa kompyuta osaidzoza, ndi chifukwa chake inanyanyala sabata yonse. Anthu anaseka.

Amayi apampando sanaseke. Anayang'ana timadontho tija, anayang'ana nkhope ya Amalume, kenako anayang'ana ine. Ndikhulupirira kuti anazindikira. Chimene ananena nchakuti kuyambira tsiku limenelo galasi lija asalikhudze wina aliyense kupatula wotayipa, ndipo anandiuza kuti ndidzalembe zimenezo m'maminitsi. Ndinalemba. Nkhani ya wotayipa sinakambidwenso pa msonkhanowo. Madzulo ndinaona kuti kamkeka kabwerera pamalo pake kuseri kwa chitseko.

Alendo a ku Lilongwe anabwera mwezi wotsatira monga ananenera. Anadabwa kuti yatsopano ikuoneka ngati yakale. Mmodzi anafunsa za timadontho, ndinati ndi tathu, ndipo sanafunsenso.

Anthu atamaliza kukolola ndinawaperekeza Amalume ku chipatala china cha kumtunda kumene ankachotsa ng'ala. Anavomera diso limodzi lokha, anati linalo lione kaye mmene mnzake ayendere. Atachira anabwera ku ofesi ndi magalasi okhuthala, anakhala pa mpando wawo, anayatsa makina. Anayang'anitsitsa galasi nthawi yaitali, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anati tizithunzi tija ankatiyesa tokongola kuposa pamenepa.

"Koma akalaliki, kachitatuka munadontheza mokhota."

Ndinati lezala ilipo mu kabati. Anati ndiisiye komweko, ndiitane munthu woyamba pa benchi.